Tsiku limene tinagulula chiwongolero cha Morris ya amalume

Mnyamata wa pagalaja anali atakhazika kale tchizulo pakona ya nati, hamala ili m'mwamba, pamene mawu anamveka kuchokera pa benchi: "Iwe, tsitsa chimenecho!" Anali madala ena amene ine ndinkangowayesa kasitomala wodikira galimoto yake. Anaika pambali chimanga chootcha chimene ankadya, n'kupukuta manja pa thalauzi, n'kubwera mosathamanga. Atasuzumira m'galimotomo anatembenukira kwa ine. "Ndi yanu iyi, achimwene? Nati imeneyi mukaiphwanya lero, ina mukaigula kuti mu Blantyre muno?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Papita miyezi chichitikireni zimenezi, koma ndikamadutsa m'magalaja a ku Ndirande kapena ku Limbe n'kumva hamala ikulira pa chitsulo, funso lija limandibwerera.

## Galimoto ya pansi pa mango

Ndi Morris Minor 1000 ya 1965, ya zitseko zinayi. Amalume anaigula yoyendapo kale kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo mu 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ndipo mtengo wake ankautchula m'ndalama zonse ziwiri. Atatisiya, galimotoyo inakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chilomoni itafundidwa lona. Chiperoni cha mu Juni chinkainyowetsa, dzuwa la mu Okutobala n'kumaiwamba, chaka ndi chaka. Asuweni anga anali atamvana kale mtengo ndi anyamata aja oyenda ndi sikelo kugula zitsulo zakutha. Ine monga muphwa ndinapempha kuti andisiyire, ndipo sanavute. Mmodzi anangoseka n'kunena kuti ndadziputira mavuto.

Injini sinandizunze monga anthu ankandiopsezera. Ndi ya 1098cc, yosavuta kuimvetsa, chilichonse chili poonekera. Titatsuka thanki ndi kabuleta, n'kusintha mapulagi ndi ma points, kapampu ka petulo kanayamba kulira kuti tiki-tiki-tiki ndikangotembenuza kiyi, ndipo injiniyo inadzuka.

Amene sanayendetsepo Minor amadabwa ndikamanena kuti kukoma kwake kwenikweni kuli pa chiwongolero. Galimotoyi inaonetsedwa koyamba ku Earls Court mumzinda wa London mu 1948. Anaikonza ndi Alec Issigonis, yemwe uja anadzakonzanso Mini mu 1959. Mwini kampani, Lord Nuffield, sanaikonde n'komwe maonekedwe ake, koma inadzakhala galimoto yoyamba ya ku Britain kugulitsidwa kufika miliyoni imodzi, ndipo pomwe amasiya kuipanga mu 1971 zinali zitapangidwa pafupifupi 1.6 miliyoni. Issigonis anaiikira rack and pinion: kagiya kakang'ono ka kunsonga kwa shafiti ya chiwongolero kamayenda pa chitsulo chachitali cha mano chimene chimakankha matayala. Palibe power steering, koma ukamazungulira pa Clock Tower umamva m'manja mwako chilichonse chimene tayala lapondapo.

Vuto linali lakuti chiwongolero cha amalume chinali chitang'ambika malo angapo, makamaka pamene mikono yake iwiri imalumikizana ndi mkombero. Ming'aluyo inkandicheka m'chikhatho, ndipo kukakhala chinyezi manja ankada bii. Mkati mwa chiwongolero chotere muli chitsulo, kunja kwake pulasitiki yolimba. Pulasitiki ikaumbidwa ndi dzuwa kwa zaka zambiri imafota n'kuchita mng'alu, madzi amalowa, chitsulo chija chimachita dzimbiri n'kufufuma, mng'alu n'kukula. Mnzanga wina anandiuza kuti ndingochitaya ndiike kachiwongolero kakang'ono konyezimira, kofanana ndi kamene anyamata amaika m'maminibasi. Ndinakana. Galimoto yopanda power steering imafuna chiwongolero chachikulu kuti dzanja lipeze mphamvu poimika kapena pokhota pamalo opanikizika. Ndinkafuna kuchichotsa, kuchikonza, n'kuchibwezera.

## Nati imene inakana masipanala onse

Pagalaja paja tinayamba bwinobwino. Tinachotsa waya wa batire, chifukwa hutala ya Minor ya chaka chimenechi ili pakati pa chiwongolero ndipo palibe amene amafuna kuti izingolira kapena kuthetheka moto ali mkati mogwira ntchito. Apa pali kamsampha. Magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo anatuluka ku fakitale ali positive earth, kutanthauza kuti waya umene umapita ku bodi ndi wa chizindikiro cha +, mosemphana ndi magalimoto a masiku ano. Ya amalume sinasinthidwe, ili choncho mpaka lero. Munthu akakuikirani wailesi yamakono osayang'ana zimenezi, utsi ufuka.

Batani la hutala linatuluka mosavuta titalitokosa ndi sikuludiraiva. Pansi pake panali nati yaikulu, yopyapyala, itakhala m'kadzenje. Mnyamata uja anayesa soketi ya 32, inakana kulowa. Anabwereka ya 34 kwa mnzake, inalowa koma ikugwedera, ndipo atakoka inangoterereka n'kuyamba kudya makona a nati. Ndi pamene anatenga tchizulo kuti aimenye m'mbali mpaka izungulire.

Madala aja atamuletsa anapita kuseri kwa galaja n'kubwera ndi bokosi lachitsulo, utoto wake utasupuka. Anafufuzamo pang'ono n'kutulutsa soketi yakuda ndi ukalamba, yolembedwa 3/4 W. Inalowa pa nati kuti gwa, osagwedera ngakhale pang'ono.

"Imeneyi si mamilimita, mwana wanga," anamuuza mnyamatayo. "Si mainchesi amene ukuwadziwa iwe ayi. Ndi Whitworth."

Anandiuza kuti ntchito anaiphunzira ku PVHO, nthambi ya boma imene inkasamalira magalimoto ndi makina a boma, m'masiku amene magalimoto a boma anali ma Land Rover ndi ma Bedford, ndipo makaniko aliyense ankayenda ndi masipanala a mitundu iwiri kapena itatu. W ameneyu ndi Joseph Whitworth, injiniya wa ku Manchester amene mu 1841 anakhazikitsa muyezo umodzi wa mazinga a mabawuti kuti fakitale iliyonse isamapange akeake. Mazinga ake amapendekera madigiri 55, pamene a mamilimita ndi madigiri 60, choncho nati ya mtundu wina ukaikakamiza pa bawuti ya mtundu wina imaononga zonse ziwiri. Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti nambala yolembedwa pa sipanala ya Whitworth imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu wake. Sipanala wamba ya 3/4 ya inchesi kukamwa kwake ndi mamilimita 19. Ya 3/4 W kukamwa kwake ndi mamilimita 33. Ndiye chifukwa chake 32 inakana ndipo 34 inkagwedera.

Ndipo Minor siikhululuka pa nkhani imeneyi, chifukwa ili ndi mitundu iwiri m'galimoto imodzi: mabawuti a injini amafuna masipanala a mainchesi wamba, pamene ambiri a kunsi ndi a bodi amafuna a Whitworth.

Anandiuza kuti ndigwire chiwongolero mwamphamvu, iwo n'kukoka kamodzi, nati n'kumasuka. Mnyamata uja anatambasula dzanja kuti aimalize kuichotsa ndi zala. Anamumenya kadzanja. "Isiye pomwepo."

## Chimene chimagwira chiwongolero si nati

Anthu ambiri amaganiza kuti nati ikachoka ndiye kuti chiwongolero chizuka. Cha ife sichinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo madala aja sanadabwe.

Kunsonga kwa shafiti kuli zinthu ziwiri. Kuli timano ting'onoting'ono tozungulira shafiti yonse, timene timalumana ndi tinzake ta m'kati mwa chiwongolero kuti chikazungulira shafitinso izungulire. Ndiye pali malo ena osalala, opita nasongoka pang'onopang'ono, amene amalowa m'bowo losongoka chimodzimodzi. Nati ikamangidwa imakanikiza ziwirizi mpaka kugwirana zokha. Aliyense amene analimapo akudziwa mmene khasu limakhalira mu mpini: palibe nati, palibe msomali, koma ulikoke ndi manja tsiku lonse silituluka. Umaligulula pomenyetsa mpini pamwala kamodzi, pamalo oyenera. Chiwongolero nachonso n'chimodzimodzi, kungoti ichi chinali chitakhala pamalo pake kuyambira 1965, dzimbiri n'kuwonjezerapo zake.

Choyamba anandiuza kuti ndiwongole matayala aloze kutsogolo. Kenako anatenga kamsomali n'kukanda kamzere kamodzi kochokera pa nsonga ya shafiti kufika pa chitsulo cha chiwongolero. Mnyamata anati bwanji osalemba ndi choko. Anamuyankha kuti choko chifufutika ndi mafuta amene akufuna kuthirawo, ndipo ukaphonya dzino limodzi lokha pobwezera, uziyenda mumsewu wowongoka chiwongolero chitapendama.

Anathira mafuta osungunula dzimbiri mozungulira shafiti, n'kubwerera pa benchi kukapitiriza chimanga chawo. Ine ndinaima pamenepo ndikuyang'ana wotchi. Anandikodola kuti ndikhale pansi. Anati mafutawo ali ndi ulendo wautali wolowa pakati pa zitsulo ziwiri zimene zakumbatirana zaka zonsezi, ndipo kuwayang'anitsitsa sikuwafulumizitsa. Tinaitanitsa tiyi kwa mayi wa pafupi. Anandifunsa za amalume, ndipo nditatchula kumene ankagwira ntchito anagwedeza mutu n'kunena kuti ma Minor a aphunzitsi ndi makalaliki anakonzapo ambiri.

Titabwerera, anazunguliza nati ija mpaka pamwamba pake panalingana ndendende ndi nsonga ya shafiti, osatsika, osapitirira. Anandikhazika pa mpando wa dalaivala. Anandiuza kuti ndilowetse mawondo kunsi kwa chiwongolero, ndipo manja ndigwire mikono yake pafupi ndi pakati, osati ku mkombero. Mkombero ukaukoka mwamphamvu umapindika, ndipo pulasitiki yokalambayo imangothetheka. "Kokerani kwa inu, achimwene. Musagwedeze. Ingokokani, musasiye mpaka ndikuuzeni."

M'bokosi muja anatulutsamo kachitsulo ka mkuwa, kotalika ngati chikhatho, nsonga yake itaphwatalala ndi kumenyedwa. Anakakhazika pa nati, n'kutenga hamala yomwe ija anamulanda mnyamata. Sanaikweze m'mwamba kwambiri. Anayang'ana mikono yanga kaye kuti aone ngati ndikukokadi, thukuta lili kamukamu, kenako kho! kamodzi.

Palibe chinachitika. "Musasiye." Kho! kachiwiri.

Chiwongolero chinalumpha kuti gulu, n'kudzagunda pa nati ija ndi mphamvu imene inandigwedeza mapewa. Chikanakhala kuti nati inachotsedwa, mphamvu yonse imene ndinkakokera ija ikanachiponyera kumaso kwanga. Madala anaseka. "Mwaona? Nati imeneyo yakusungirani mano a kutsogolo."

Chilichonse pamenepo chinali ndi chifukwa chake. Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo cha shafiti, ndiye ndi umene umavulala m'malo mwa shafiti. Nati yolingana ndi nsonga imagawa mphamvu ya hamala pa mazinga ambiri. Ukamenya nsonga ya shafiti ili yokha, imaphwatalala, nati osalowanso, ndipo galimoto imene unabwera nayo ikuyenda ubwerera nayo yokokedwa. Kukoka kosalekeza kuja ndi kumene kumagulula. Hamala imangogwedeza zitsulozo kuti zilekane kwa kamphindi.

## Musayese izi pa Sienta yanu

Ndiyenera kunena izi chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga n'kuthamangira kukatenga hamala. Njira ya madala aja ndi ya galimoto zakale zimene shafiti yake ndi chitsulo chimodzi cholimba. Kuyambira cha m'ma 1967 ndi 1968, poyamba ku America kenako kwina konse, opanga magalimoto anayamba kuika shafiti yoti pangozi izifupika yokha m'malo mobaya dalaivala pachifuwa. Shafiti yotere ukaimenya ndi hamala ukhoza kuifupikitsa uli pagalaja pomwepo. Imeneyo imafuna puller, chida chimene chimakoka chiwongolero pang'onopang'ono ndi bawuti yapakati, ndipo ziwongolero zambiri zili ndi mabowo awiri a mazinga omangiramo chidacho. Chathu chinalibe.

Galimoto za ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu zili ndi airbag pakati pa chiwongolero. Pamenepo uyenera kuchotsa batire n'kudikira kaye usanakhudze chilichonse, ndipo kuseri kwake kuli kawaya kopyapyala kokulungidwa kamene kamaduka ukakazunguliza mosasamala. Kakaduka, hutala imafa ndipo nyali ya airbag imayaka osazimanso.

## Tupa, putty ndi sandipepa

Kukonza chiwongolero chenichenicho kunali ntchito ya pakhonde, madzulo ndikaweruka. Mng'alu uliwonse ndinaukuza ndi tupa kuti ukhale ngati chilembo cha V mpaka chitsulo cha mkati chioneke, ndinapala dzimbiri, n'kumata ndi epoxy putty, ija ya timitanda tiwiri timene umakanda pamodzi. Ukangomata pamwamba pa mng'alu osaukuza, umabwereranso dzuwa likangotentha. Kenako sandipepa, kuyamba ndi wokhakhala kumalizira wosalala, pulaimala, ndi utoto wakuda. Kuseri kwa mkombero kuli timabampu togwirapo zala, ndipo kumbali ya kumanja tinali titaperepeseka kuposa kumanzere. Amalume ankayendetsa ndi dzanja limodzi, chigongono chili pa windo. Pamenepo sindinamatepo chilichonse.

Pobwezera ndinapitanso kwa madala aja, chifukwa soketi ija sabwereketsa. Anapukuta shafiti, n'kupaka girisi pang'ono pa timano tokha, malo osongoka aja n'kuwasiya ouma. Kamzere kaja kanakumana, nati n'kumangidwa, hutala n'kulira.

## Masipanala a pa sikelo

Mnyamata uja sindimuimba mlandu. Galimoto zimene wakula akukonza ndi Vitz, Sienta, Probox ndi Hiace, ndipo zimenezi ukakhala ndi 10, 12, 14, 17 ndi 19 wamaliza pafupifupi zonse. Palibe amene anamuonetsapo chilembo cha W pa sipanala. Akakumana ndi nati imene masipanala ake onse akukana, nzeru imene yatsala ndi tchizulo, ndipo kasitomala amene akufulumira amamuyamikira kuti ndi wochangamuka. Ife eni galimoto ndi amene timalipira makaniko wachangu n'kumadandaula za wodekha.

Anthu akamva kuti ndili ndi galimoto ya 1965 funso lawo limakhala limodzi: masipeya mumawapeza kuti? Koma masipeya a Minor akupangidwabe ku England mpaka lero, pafupifupi chilichonse. Chovuta ndi ndalama zakunja ndi kudikira katundu, zimene aliyense woitanitsa zinthu kunja akuzidziwa. Chimene sungaitanitse ndi munthu amene amadziwa kuti nati isiyidwe pa shafiti, amene amazindikira ndi maso kuti bawuti iyi si ya mamilimita. Anthu amenewo mu Blantyre alipo ochepa, ambiri ndi okalamba, ndipo amakhala pa mabenchi a magalaja a ana awo kapena a anzawo, anthu n'kumawayesa makasitomala. Akamwalira, bokosi lawo la zida limatsegulidwa, ana amasankhamo masipanala a mamilimita, otsalawo amapita pa sikelo pamodzi ndi miphika yobooka.

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse ndikapeza mpata ndimalowa mumsika wa Ndirande, kuja amayala zitsulo pansi pa masaka. Ndimagwada n'kumatembenuza masipanala a dzimbiri imodziimodzi, kupukuta ndi chala kuti ndione zolembedwa. Mayina amene ndimasaka ndi King Dick ndi Britool, opangidwa ku England, ndi chilembo cha W kapena BS pafupi ndi nambala. Ogulitsa ena anandizolowera moti akandiona patali amayamba kufukula m'munsi mwa mulu.

Sabata yatha ndinapeza 1/2 W, yolemera bwino, kukamwa kwake kusanadyeke. Mnyamata wogulitsa anandichenjeza mwachifundo. "Bwana, imeneyo ndi yabodza. Alemba hafu koma ndi yaikulu kuposa hafu. Pa 22 imagwedera, pa 24 siilowa. Tengani iyi ya China, ndi yatsopano."

Ndinamufunsa kuti yabodzayo agulitsa zingati. Anaiponya m'dzanja kuyesa kulemera kwake, n'kunditchulira mtengo wa chitsulo chakutha. Ndinalipira osanenerera, n'kumufunsa ngati kumene anaitenga kunali zinzake. Anati zinalipo zambiri, bokosi lathunthu la agogo ena a ku Bangwe, koma zinapita ndi lole Lachinayi.